Nzeru za wofufuza sizidzaza thumba la magazi

M'mayunivesite, ulemu wa wofufuza amauyeza powerenga kuti ndi kangati ofufuza anzake atchula zolemba zake. Kwa Msilamu izi sizachilendo: Hadith sitiilandira popanda isnad, mndandanda wa anthu omwe adailandirana. Kutchula gwero n'chilungamo.

Komabe chiwerengero chotere sichikwanira. Taonani Karl Landsteiner, dokotala wa ku Vienna, yemwe mu 1901 adalemba zoti magazi a anthu ali m'magulu, omwe lero timawatcha A, B ndi O. Kale kuthira munthu magazi kudali kuika moyo wake pachiswe, poti magazi osagwirizana amaundana n'kupha. Adalandira mphoto ya Nobel mu 1930, koma phindu lenileni la ntchito yake limaoneka pamene mwana wa ku Mangochi yemwe malungo amuthera magazi, kapena mayi wa ku Nkhotakota yemwe wataya magazi pobereka, wadzuka ndi moyo.

Nzeruzo, ngakhale zitatchulidwa kambirimbiri, sizingadzaze thumba la magazi. Magazi sapangidwa kufakitale, ndipo sasungika kupitirira masabata 6. Bungwe la Malawi Blood Transfusion Service limadalira kwambiri ana asukulu, choncho magazi amaperewera sukulu zikatsekera.

Ma Ulama ambiri adagamula kuti kupereka magazi n'kololedwa, pakuti kuteteza moyo ndi chimodzi mwa zolinga za Shariah. Tsono abale ndi alongo, tisadikire kuti wathu agonekedwe m'chipatala. Makomiti a mizikiti aziitana otolera magazi ikatha Swala ya Jumu'ah. Iyi ndi sadaka yomwe msodzi ndi mpondamatiki amapereka mofanana. Allah atilandire.