Thangata anatha pa pepala, nanga kumunda?

Mukafika ku Zomba, m'munsi mwa phiri muli nyumba yakale imene timaidziwa ndi dzina la Masongola. Anaimanga mu 1886 ndi John Buchanan, mzungu amene ankalima khofi ndi nzimbe m'mbali mwa Mulunguzi, ndipo m'menemo ndi m'mene ankakhala akuluakulu oyamba a boma la atsamunda. Alendo amachita nayo kaso. Ife alimi tikamaiona tizikumbukira malamulo amene ankachokera ku Zomba kukamanga agogo athu m'maesiteti.

Chingwe choyamba chinali msonkho wa nyumba. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, wogwira ntchito kwa mzungu mwezi wathunthu ankalipira theka la msonkho. Wolima munda wake ankalipira wonse. Chingwe chachiwiri chinali thangata: ukakhala pa malo a esiteti, lendi yake inali thukuta lako. Ku Magomero, pa esiteti ya A. L. Bruce, anthu ambiri, makamaka Alomwe ochokera ku Mozambique, nthawi zina ankalandira fodya m'malo mwa ndalama. Woyang'anira malowo, William Jervis Livingstone, sankalola ngakhale matchalitchi a John Chilembwe pa esitetiyo. Bwana anali atagwira malipiro, pogona ndi mapemphero omwe. Mapeto ake anaoneka pa 23 January 1915.

Thangata anatha mu 1962, koma mtima wake unangosintha malaya. M'maesiteti a fodya munabwera matenanti. Bwana, tsopano Mmalawi mnzathu, ankapereka chimanga, feteleza ndi makasu pa ngongole. Fodya akauma, wogula ndi bwana yemweyo, woika mtengo ndi iye, wosunga buku la ngongole ndi iyenso. Banja lonse lagwira chaka chathunthu, ana omwe, koma powerengera n'kupezeka kuti tenanti ndiye ali ndi ngongole. Achoka bwanji wopanda ndi yokwerera basi yomwe?

M'mafakitale namonso zinali zowawa. Mu May 1992 ogwira ntchito ku David Whitehead and Sons ku Blantyre ananyanyala ntchito chifukwa cha kuchepa kwa malipiro. Moto unafalikira mpaka ku Lilongwe, ndipo anthu anataya miyoyo.

Mu 2021 Nyumba ya Malamulo inaletsa utenanti. Tikuyamika. Koma lamulo silipita lokha kumunda, ndipo apa ndi pamene nkhaniyi ikutikhudza. Ambirife timalemba aganyu, ena tili ndi mnyamata woweta ng'ombe kapena wosamala dimba. Ena amati, "Ndimamudyetsa, ndimamugoneka, afunanso chiyani?" Azungu a thangata ankatero. Nsima si malipiro. Wolipidwa ndi chakudya chokha sangasunge, sangagule mbuzi, sangakane.

Enanso amati ndalama zimabwera pokolola basi. N'zoona, koma vutolo tisalisenzetse wantchito yekha. Gwirizanani mtengo ntchito isanayambe, pakhale mboni, kaya nyakwawa kaya mkulu wa mpingo. Chilichonse chotengedwa pa ngongole chilembedwe m'makope awiri, lina asunge mwini wake. Ana ake apite kusukulu, si antchito anu.

Ndipo inu ofuna ntchito, musakopeke ndi mawu okoma akuti "tidzaonana tikagulitsa". Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Funsani mtengo, funsani tsiku lolandira, musanagwire khasu.