Soja ndi mchenga wa kunyanja

Woimba Lucius Banda, yemwe ankadziwika kuti Soja, sanali wa ku Mangochi. Kwawo kunali kwa Sosola ku Balaka, komwe anabadwa mu 1970 n'kukulira m'manja mwa mkulu wake Paul Banda mu Alleluya Band. Komabe anthu a kunyanja ali ndi chifukwa chawochawo chomukumbukira.

Kwa zaka zambiri mchenga wabwino wa ku Nkopola ndi ku Cape Maclear unkaoneka ngati wa alendo. Ngakhale chikondwerero cha Lake of Stars, chomwe chinachitikira ku Nkopola kangapo, anachiyambitsa ndi Mngelezi, Will Jameson. Mu 2010 Soja anayambitsa Sand Music Festival, yomwe yakhala ikuchitikira m'magombe a ku Mangochi ndi ku Salima. Apa oimba a kwathu anakhala eni bwalo. Akunja ankabwera ndithu, koma woitana anali Mmalawi. Maminibasi ankadzaza kuchokera ku Blantyre ndi ku Lilongwe, malo ogona n'kusowa, ootcha chambo ndi akabaza n'kupha makwacha. Zoti msodzi wa ku Makanjira angakwanitse tikiti yolowera, imeneyo ndi nkhani ina, ndipo sinathe.

Ine ndimaona kuti ntchito imeneyi, yotsegulira ena njira, ndiyo inamuyenera kwambiri. Gulu lake la Zembani, lomwe linayamba mu 1997, linalera oimba ambiri omwe pambuyo pake anaima paokha. Munthu amene anatchuka ndi chimbale cha Son of a Poor Man ankadziwa kuti luso lopanda zida ndi bwalo limafera kumudzi.

Ndale ndizo zimavuta kuziweruza. Mu 2004 anakhala phungu wa kumpoto kwa Balaka pa tikiti ya UDF, chipani chomwe ku Mangochi chili ndi mizu yozama, ndipo ambiri kuno anamutenga ngati wawo. Mu 2006 anamangidwa pa mlandu wa satifiketi ya sukulu, anatuluka atachita apilo, ndipo ndendeyo inabala chimbale cha Cell 51 Maximum. Koma woimba wodzudzula olamulira akakhala nawo pa mphasa imodzi, omvera amayamba kutchera khutu mosamala. Ena sanamukhululukire pamene anasamukira ku UTM, kenaka n'kukhala mlangizi wa Pulezidenti Lazarus Chakwera. Enanso amati soja wa amphawi amayenera kulowa komwe zinthu zimagamulidwa.

Anamwalira pa 30 June 2024 ku Johannesburg atavutika ndi matenda a impso, mbali ziwirizi zisanagwirizane.