Kufufuta nkhani yolakwika pa intaneti kuli ndi malire

Nyuzipepala ikakonza cholakwika m'nkhani ya pa intaneti, owerenga ena amapitiriza kuona zakale zomwezo. Chifukwa chake n'chakuti masamba ambiri sachokera mwachindunji ku kompyuta ya eni ake. Amasungidwa m'makompyuta apakati, otchedwa cache, kuti azitseguka msanga.

Pothana ndi vutoli, tsamba lililonse limapatsidwa zizindikiro, monga nambala ya nkhani kapena dzina la mlembi. Nkhani ikasintha, lamulo limodzi limachotsa masamba onse okhala ndi chizindikirocho. Kampani ya Fastly imatcha zizindikirozi Surrogate-Key, pomwe Cloudflare, yomwe mu 2025 idatsegulira makasitomala ake onse njirayi, imazitcha Cache-Tag.

Komabe njirayi ili ndi malire. Makampani awiriwa salola zizindikiro za tsamba limodzi kupitirira ma kilobyte 16, choncho tsamba losonkhanitsa nkhani zambirimbiri likhoza kusowa malo a zizindikiro zina.

Vuto lalikulu ndi chizindikiro chopezeka pa masamba zikwizikwi. Onsewo akachotsedwa nthawi imodzi, owerenga amakhamukira ku kompyuta ya eni, yomwe imatha kulemedwa n'kusiya kuyankha pomwe nkhani yatentha.

N'chifukwa chake ena sachotseratu tsamba lakale, koma amalisunga kufikira latsopano litafika. Izi zimateteza makompyuta, koma cholakwikacho chimaonekabe kwa kanthawi. Pa nkhani yoipitsa mbiri ya munthu, kanthawi kameneko sikochepa, ndipo chisankhocho n'choyenera mkonzi, osati akatswiri a makompyuta okha.