ZA UMOYO WATHU: Cifuwa ca Mwana Pambuyo pa Opaleshoni

Makolo ambiri amene anagonerapo mwana m'cipatala amadandaula kuti manesi alibe cifundo, pakuti amadzutsa mwana wong'ambidwa dzulo lomweli, namuuza kuti akhale tsonga, atsokomole ndi kuyenda. Sabata ino tifuna kulongosola cifukwa cake.

Tiyeni titenge mnyamata wa zaka 15 amene amcotsa apendikisi. Mankhwala ogonetsa amafooketsa kapumidwe, ndipo bala la pamimba limawawa. Motero iye amapuma pamwamba-mwamba, naopa kutsokomola. Makhololo amaunjikana, mbali za m'munsi za mapapo zimafota, ndipo tizirombo timapeza pokhala. Umu ndi mmene cibayo cimayambira.

Nchito ya nesi ndiyo kuona ngoziyi isanakule. Coyamba amawerenga kapumidwe kwa mineti yathunthu. Wa msinkhu uwu, ali cigonere, ayenera kupuma nthawi 12 kufikira 20 pa mineti imodzi. Kenaka amayang'ana milomo ndi zikhadabo ngati zacita bii, ndiponso khungu la pakati pa nthiti ngati likulowa mkati popuma. Kamakina kopanira ku cala kamaonetsa mpweya wa oksijeni m'magazi, umene mwa munthu wathanzi umakhala 95 peresenti kapena kuposerapo. Amamveranso kumsana ndi cipangizo ca m'makutu, makamaka ca m'munsi kumene bvuto limayambira. Thupi likatentha kufika pa madigiri 38, makhololo nakhala acikasu kapena obiriwira, dokotala amaitanidwa msanga.

Pali mafunsonso. Kodi mwanayo ali ndi mphumu? Kodi kunyumba kuli wodwala cifuwa ca TB? Kodi amakoka fodya? Funso lotsirizali n'lobvuta, cifukwa palibe mnyamata amene angabvomere pamaso pa atate ake. Ambiri amabisanso ululu pofuna kuoneka amuna, conseco wosanena ululu salandira mankhwala, ndipo wopanda mankhwala satsokomola. Cotero nesi akakupemphani kuti mutuluke pang'ono, musakhumudwe.

Inu makolo, gwirizanani ndi manesi. Mpatseni mwana mtsamiro kuti atsindikize pa bala potsokomola, ndipo mkumbutseni kukoka mpweya wambiri kawiri-kawiri. Mgwireni dzanja poyenda m'wodi. Mukaona kuti akupuma mofulumira kapena akumva kubaya m'cifuwa, musayembekeze kuti kuce. Itanani nesi nthawi yomweyo.