Boma liphunzitse anthu kusefa nkhani: bodza la pa foni likupweteka amayi

Amayi anzathu, atsikana ndi abambo nonse otitsatira pano, tikambirane za mauthenga omwe timangotumizirana pa WhatsApp osafunsa kuti achokera kuti.

Kuyambira 2019, atsikana m'Malawi muno amalandira katemera wa HPV woteteza ku khansa ya khomo la chiberekero, yomwe ikutha amayi ambiri. Koma pa magulu athu mumayenda mphekesera yoti katemerayu amatseka mwana kuti asadzabereke. Mayi akamva, amabisa mwana tsiku la katemera. Mu Meyi 2021 boma lidawotcha katemera wa COVID-19 okwana 19,610 atadutsa tsiku lake, anthu ambiri akumuopa chifukwa cha manong'onong'o omwewa.

Malamulo tili nawo. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security la 2016 limalanga wozunza mnzake pa intaneti. Lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza uthenga ku maofesi a boma lidayamba kugwira ntchito pa 30 Seputembala 2020. Koma nanga mayi wa ku banki mkhonde adamuuza ndani kuti atha kukafunsa ku khonsolo mmene ndalama za CDF zidayendera? Nanga mtsikana yemwe zithunzi zake zafalitsidwa iye osavomera akudziwa kokadandaula? Kumanga yemwe watumiza bodza sikuphunzitsa mudzi kulizindikira.

Tikufuna ndondomeko ya boma yolembedwa, yokhala ndi bajeti yake. Unduna wa Maphunziro uike phunziro losefa nkhani kuyambira ku pulayimale. MACRA igwiritse ntchito gawo la thumba la Universal Service Fund pa mapulogalamu a wailesi za m'madera, m'Chichewa, Chitumbuka, Chiyao, Chilomwe ndi Chisena. Maphunzirowa afike ku mother group, ku sikelo ndi ku banki mkhonde, chifukwa amayi ambiri amamva nkhani pa wailesi kapena pa foni yobwereka. Ndipo pokonza ndondomekoyi, amayi akhale nawo pa tebulo, osati kungoitanidwa kudzavina tsiku lokhazikitsa.

Podikira boma, ife tiyambe lero. Usanatumize uthenga, dzifunse: wanena ndani, liti, ndipo akupindula chiyani? Ukakayika, funsa kwa mlangizi wa zaumoyo kapena kuchipatala. Ngati sizikumveka bwino, uthengawo uthere pa foni yako basi.

Tiuzeni pansipa: ndi bodza liti lomwe likuzungulira kwanuko?