Mtengo ndi wa mlimi, nanga bwanji akuvutika kuugulitsa? Kuyerekeza malamulo a Malawi ndi a Maryland

Chaka chilichonse, kuyambira pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo, boma la Malawi limalimbikitsa anthu kudzala mitengo. Koma mlimi amene wasamalira mitengo pamunda pake kwa zaka khumi amakhala ndi funso limene silimveka kawirikawiri pa misonkhano yodzala mitengo: ikakula, kodi adzaloledwa kuidula ndi kupita nayo kumsika popanda kulandidwa panjira?

Lamulo la nkhalango la mu 1997 limayankha mbali ziwiri. Limati munthu amene wadzala mtengo pamalo amene ali ndi ufulu wolimapo, ali ndi ufulunso wokolola ndi kugulitsa. Koma lamulo lomwelo limaletsa kutulutsa mitengo yachilengedwe pamalo a munthu popanda chilolezo cha mkulu wa nthambi ya nkhalango, ndipo limaletsa kuotcha makala ogulitsa popanda chiphaso. Lamuloli litakonzedwanso mu 2020, zilango zinakwera kwambiri.

Chifukwa chake n'chomveka. Mabanja oposa 9 mwa 10 aliwonse m'Malawi amaphikira nkhuni kapena makala, ndipo nkhalango ngati ya Dzalanyama zasakazidwa kwambiri moti mu 2015 boma linatumizako asilikali. Wapolisi kapena mlangizi wa nkhalango amene waimitsa galimoto pamsewu alibe njira yapafupi yodziwira ngati matabwa a mlombwa achokera kumunda kwa munthu kapena m'nkhalango ya boma. Choncho aliyense amakayikiridwa mpaka ataonetsa pepala.

Vuto limagwera mlimi wamng'ono. Ofesi ya nkhalango nthawi zambiri imakhala kuboma, kutali ndi mudzi, ndipo ndalama zoyendera zikhoza kudya phindu lonse la mitengo iwiri kapena itatu. Mlimi wotere akaona mphukira ya mbawa pamunda, nzeru yake imamuuza kuti aizule isanakule n'kudzamutengera milandu.

Mayiko olemera nawonso salola mwini munda kuchita chilichonse ndi mitengo yake, koma amaika mphamvu ya lamulo pamalo ena. Chitsanzo ndi mzinda wa Bowie, m'boma la Prince George's m'chigawo cha Maryland, kufupi ndi Washington DC. Dera limeneli kale linali minda ya fodya ndi malo owetera akavalo, mpaka kampani ya Levitt and Sons inayamba kumanga nyumba zambirimbiri pamunda wa Belair cha m'ma 1960. Kumeneko chimene chimatha mitengo si nkhuni, koma zomangamanga.

N'chifukwa chake lamulo la Forest Conservation Act, limene Maryland inakhazikitsa mu 1991, limalondola womanga osati mlimi. Amene akufuna kugawa kapena kusalaza malo okwana pafupifupi ekala imodzi kapena kuposa, ayenera kusiya mbali ina ya nkhalango kapena kudzala ina. Mwini malo amene akungodula mitengo yogulitsa sakhudzidwa ndi zimenezi, bola alembe chikalata cholonjeza kuti samangapo kwa zaka zisanu. Chimene amafunika kukhala nacho ndi ndondomeko yovomerezeka yoteteza nthaka kuti isakokoloke n'kukadetsa mitsinje yothira m'nyanja ya Chesapeake Bay. Ochita malonda odula ndi kugula mitengo ndiwo amakhala ndi chiphaso cha boma.

Pali ndi nyambo. Mwini nkhalango ya maekala asanu kapena kuposa, akagwirizana ndi boma kuti aisamalira kwa zaka zosachepera 15, msonkho wa malo ake umatsika. Ndipo pamene boma linaletsa kusamutsa nkhuni m'deralo, cholinga sichinali kugwira akuba, koma kutchinga kachilombo kopha mitengo kotchedwa emerald ash borer, kamene kanapezeka m'boma la Prince George's mu 2003.

Sikuti Maryland yathetsa zonse. Mitengo inapitirira kuchepa m'madera omwe akumangidwa, moti mu 2021 aphungu anavomereza zodzala mitengo 5 miliyoni pofika mu 2031, ndipo mu 2023 anakhwimitsanso lamulo lija. Komanso kumeneko malo ali ndi zikalata za umwini ndipo anthu amaphikira magetsi ndi gasi, pamene m'Malawi minda yambiri ili pansi pa mafumu ndipo makala ndi moyo wa m'tauni. Kukopera malamulowa monga alili sikungathandize.

Komabe mfundo yake imagwira ngakhale m'mayiko osauka. Ku Niger, kuyambira m'zaka za m'ma 1980, alimi atayamba kukhulupirira kuti mitengo ya m'minda ndi yawo osati ya alonda a boma, anasiya kuzula mphukira za misangu ndi mitengo ina. Mitengo inabwerera pa mahekitala pafupifupi 5 miliyoni. Nako ku India, mu 2017 boma linachotsa nsungwi zolimidwa kunja kwa nkhalango pagulu la mitengo yofuna chilolezo chodulira ndi kunyamulira, pofuna kuti alimi azilima zambiri.

Kwa Malawi, zimenezi zikuloza ku njira zingapo: kulembetsa mitengo ya mlimi ikadali chiimire, kudzera m'makomiti a zachilengedwe a m'midzi amene lamulo limawazindikira kale, kupereka zilolezo kufupi ndi mudzi, ndi kuika zofunika zolemera pa amalonda a magalimoto aakulu m'malo mwa mwini munda. Chiopsezo chilipo, chifukwa pepala la mitengo ya kumunda likhoza kubisa mitengo yobedwa m'nkhalango ya boma, makamaka pamene pali ziphuphu. Koma ngati kusunga mtengo kupitiriza kuoneka ngati kudziitanira mlandu, mbande zodzalidwa mu Disembala sizidzachepetsa nkhwangwa zolowa m'Dzalanyama.