NYUMBA ZA ANCHITO MU LUSAKA: KODI MZINDA WAFIKA PATI?

Nthawi zonse akuluakulu a mzinda akatsegula nyumba zatsopano timamva ciwerengero ca nyumbazo, koma sitimva kawirikawiri kuti wolowamo ndani. Mbiri ya Lusaka itithandiza kuona kuti kupita patsogolo kwa mzinda kuyenera kuyesedwa ndi pogona pa munthu wa malipiro ocepa.

Lusaka anasanduka likulu la Northern Rhodesia m'caka ca 1935. Amene analinganiza mzindawo anayesa wanchito wakuda mlendo wodzabwerera kumudzi, cotero nyumba yace inali ya bwana wace, ndipo tsiku locotsedwa nchito anatayanso pogona. M'caka ca 1948 Boma linaika lamulo lakuti olemba nchito ndi makhonsolo azipezera anchito nyumba zokhalamo ndi mabanja ao, ndipo malokesheni a Matero ndi Chilenje anakula m'zaka zotsatira. Koma nyumbazo sizinakwanire. Otsalawo anadzimangira okha pa mafamu a Azungu ndi pa misasa ya makampani omanga, ndico cifukwa cace makomboni ena akudziwikabe ndi maina onga George, John Laing ndi John Howard.

Ufulu utabwera m'caka ca 1964, ziletso zolowera m'tauni zinatha. Anthu a mu Lusaka, amene anali oposa 120,000 m'caka ca 1963, anapitirira 260,000 pofika 1969. Panalibe khonsolo imene ikadatha kumanga mofulumira cotero.

Nzeru yeniyeni inaoneka m'caka ca 1974. Boma la Zambia linavomereza kuti makomboni sadzacoka, ndipo linaika lamulo lolola okhalamo kulandira ciphaso ca zaka 30 pa malo ao. Caka comweco World Bank inabwereketsa madola 20 miliyoni, ndipo ku George, Chawama, Chaisa ndi Chipata kunalowa misewu, mipope ya madzi, sukulu ndi zipatala. Eni ace anathandiza kukumba ngalande, ndipo ambiri anagwetsa nyumba zadothi namanga zanjerwa za simenti. Munthu akadziwa kuti sadzathamangitsidwa, saopa kuika ndarama zace m'khoma. Cobvuta cinali cakuti ambiri sanalipire ngongole ndi msonkho wa madzi, ndipo nchitoyo inalephera kufalikira monga anayembekezera.

M'caka ca 1996 Pulezidenti Frederick Chiluba analamula kuti nyumba za makhonsolo zigulitsidwe motsika mtengo kwa okhalamo. Mabanja ambiri anapeza cuma cosiyira ana ao, ndipo ici ncabwino ndithu. Komatu khonsolo inataya lendi imene inali kulandira mwezi ndi mwezi, ndipo sinamange zina zolowa m'malo mwa zogulitsidwazo. Mnyamata wofika m'tauni pambuyo pace anapeza khomo lotseka, nakafuna cipinda ca lendi m'komboni.

Kalembera wa 2022 anapeza anthu oposa 2 miliyoni mu Lusaka, ndipo pafupifupi 7 mwa anthu 10 ali onse amakhala m'makomboni. Nyumba zokongola zamangidwadi kum'mawa kwa mzinda, koma mlonda wozilondera usiku sangathe kulipira lendi yace. Ku Kanyama, kumene thanthwe liri pafupi ndipo madzi a mvula amaima m'misewu, zimbudzi zokumba zimaipitsa zitsime. Kolera inagwa kumeneko m'zaka za 2017 ndi 2018, ndipo mu January 2024 bwalo lampira la National Heroes linasanduka cipatala ca odwala nthendayo. Paja akuluakulu anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Tsono owerenga athu, m'tauni iri yonse imene mukugwiramo nchito, mukamva za nyumba zatsopano funsani makhansala anu zinthu zitatu. Kodi lendi yace itenga gawo lotani la malipiro a wanchito wamba? Kodi ndi mabanja angati a m'komboni amene alandira ziphaso za malo caka cino? Kodi mipope ndi ngalande zafika m'mizere ingati ya nyumba? Khonsolo imene iyankha mafunso amenewa ndi ziwerengero zoona, caka ndi caka, ndiyo iyenera kukhulupiriridwa ndi okhoma msonkho.